Mjigo wa kampani: mphatso, ngongole kapena chipukuta misozi?

Madzi akangosefukira m'chigwa cha Shire, sabata sitha tisanaone zithunzi zomwe tonse tidazizolowera. Lole yodzaza ufa, ndowa ndi mabulangete yaima pa msasa ku Bangula kapena kwa Ngabu, kumbuyo kwake apachika nsalu yolembedwa dzina la banki kapena la kampani ya mafoni, ndipo bwana wina wa ku Blantyre, thukuta lili kamukamu m'jekete, akugwirana chanza ndi bwanamkubwa. Zidali choncho mu 2015, pa Idai mu 2019, pa Ana mu 2022 ndi pa Freddy mu 2023. M'chilimwe zithunzi zimasintha, pamakhala mjigo, mdadada wa sukulu kapena chikho cha mpira.

Pa Facebook ndi pa mapulogalamu oimba foni pa wailesi, mkangano umakhala womwewo chaka ndi chaka. Ena amati tiziyamika, kampani si boma, ikadatha kungokhala osapereka kanthu. Ena amati zimenezi ndi nyenyeswa chabe poyerekeza ndi zimene makampani amatuta m'chigwa muno. Onse ali ndi mfundo, koma kawirikawiri sakukamba chinthu chimodzi. M'thumba limene atolankhani amalitcha CSR, chidule cha Chingerezi cha udindo wa kampani pa anthu, mumaponyedwa zinthu zitatu zosiyana: chimene kampani yapereka mwa kufuna kwake, chimene lamulo likuikakamiza, ndi chimene ikubweza chifukwa yawononga. Mjigo ukhoza kuchokera ku chilichonse mwa zitatuzi, ndipo pouyang'ana ndi maso simungasiyanitse.

Ganizoli ndi kumene lidachokera

Udindo wa kampani pa anthu ndi ganizo lakuti kampani siyenera kuyankha kwa eni masheya okha. Iyenera kuyankhanso kwa antchito ake, kwa alimi amene imawagula mbewu, kwa midzi yoyandikana nayo, komanso pa mtsinje ndi nthaka zimene ikudyerapo.

Kwa ife a chigwa chino, mkamwini angatithandize kumvetsa. Kwa Amang'anja mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, apongozi nkumupatsa munda. Amalima, zokolola nzake, koma aliyense akudziwa kuti nthakayo si yake. Akabwera ndi nsomba za ku Elephant Marsh kudzapatsa apongozi, imeneyo ndi mphatso, ndipo amathokozedwa. Kufolera nyumba ya apongozi ndi kupezeka pa maliro a pamudzi si mphatso, ndi udindo wa aliyense wokhala pamenepo. Mbuzi zake zikadya mapira a mnzake nkulipira, palibe amamuimbira nthungululu, wangobweza zimene wawononga. Mkangano wambiri wa makampani ndi midzi umabuka pamene chinthu cha mtundu wachitatu chaperekedwa ndi mwambo wa mtundu woyamba.

M'mabuku a zamalonda ganizoli lidayamba kumveka kwambiri ku America. Mu 1953 katswiri wa zachuma Howard Bowen adalemba kuti akuluakulu a makampani ali ndi mphamvu zambiri pa moyo wa anthu, choncho ayenera kuganizira zotsatira za zochita zawo. Mu 1970 Milton Friedman adatsutsa poyera. Iye adati ntchito ya kampani ndi kupanga phindu motsata malamulo, ndipo manijala amene akugawa ndalama za kampani pa zachifundo akugawa ndalama za eni ake, zomwe si zake. Ngati dziko likufuna sukulu, litolere msonkho limange. Maganizo a Friedman sadafe. Aliyense amene amati "kampani si boma" akuyankhula mfundo yomweyo, kaya adamva za munthuyo kapena ayi.

Chimene chidasintha nkhani si mabuku koma maliro. Mu December 1984 mpweya wa poizoni udatuluka pa fakitale ya Union Carbide ku Bhopal m'dziko la India nkupha anthu masauzande. Mu November 1995 boma la asilikali ku Nigeria lidanyonga Ken Saro-Wiwa ndi anzake asanu ndi atatu, amene ankadandaula za kuwonongeka kwa dera la Ogoni komwe Shell inkapopa mafuta. Mu April 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh idagwera anthu osoka zovala za makampani otchuka a ku Ulaya ndi America, oposa 1,100 adafa. Onani kuti zonsezi zidachitika m'maiko osauka kapena ongokwera kumene, pamene phindu lake linkathera kwina. Bungwe la United Nations lidakhazikitsa Global Compact mu 2000, pomwe makampani amalonjeza okha kutsata mfundo za ufulu wa anthu, za antchito ndi za chilengedwe. Mu 2011 lidavomereza mfundo zina zimene adakonza John Ruggie, zoima pa miyendo itatu: boma liteteze anthu, kampani ilemekeze ufulu wawo, ndipo wolakwiridwa apeze kokadandaula ndi kubwezeredwa. Mfundo za 2011 zi zimanena mosabisa kuti zachifundo zimene kampani yachita sizifafaniza cholakwa chimene yachita kwina.

Chifukwa chake nkhaniyi imalemera mwina kuno

Mawu akuti maiko a chuma chongokwera kumene adayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1981 ndi Antoine van Agtmael wa ku nthambi ina ya World Bank, ponena maiko onga Brazil, India ndi ena amene mafakitale ndi misika yawo inkakula msanga koma mabungwe a boma akutsalira. Malawi, kunena zoona, sadafike n'komwe pa gulu limenelo, tili m'munsi mwake. Koma nkhaniyi ikutikhudza chifukwa makampani ambiri amene akugwira ntchito kuno akuchokera m'maiko omwewo. Illovo idabadwira ku South Africa. Njanji ya malasha yochokera ku Moatize kupita ku Nacala, imene imadutsa kwa Chapananga, idamangidwa ndi Vale ya ku Brazil, ndipo mu 2022 idapita m'manja mwa Vulcan, ya amalonda a ku India.

Ku Germany kampani ikamakamba za udindo wake, sikamba za mjigo. Madzi, msewu ndi chipatala boma lidapereka kale, choncho zokamba zimakhala za utsi wowononga nyengo kapena za akazi angati ali m'mipando ya pamwamba. Kuno kampani imafika pamalo pamene boma silidafikepo mokwanira. Mu 1991 Archie Carroll adasanja maudindo a kampani motere: choyamba ipange phindu, kenako itsate lamulo, kenako ichite chilungamo ngakhale pamene lamulo lili chete, ndipo pomaliza ithandize mwachifundo. Wayne Visser wa ku South Africa atayang'ana mmene zimayendera mu Africa adapeza kuti kasanjidweko kamasokonekera: pambuyo pa ntchito ndi ndalama, chimene anthu amayembekezera kwambiri ndi zachifundo, pamene lamulo ndi chilungamo zimabwera pambuyo. Sadanene kuti ndi mmene ziyenera kukhalira. Ankafotokoza zimene zimachitika pamene umphawi uli waukulu ndipo oyang'anira malamulo alibe ngakhale mafuta a galimoto.

Nchalo ndi chitsanzo chabwino. Lonrho idatsegula esiteti ya nzimbe ndi fakitale ya Sucoma pakati pa zaka za m'ma 1960, dziko litangolandira ufulu. Illovo idagula malonda a shuga a Lonrho mu 1997. Associated British Foods ya ku London idatenga masheya ochuluka a Illovo mu 2006, nkugula otsala a kampani yaikuluyo mu 2016, ngakhale nthambi ya ku Malawi ikadali pa msika wa masheya wa ku Blantyre komwe Amalawi ndi mabungwe a penshoni ali ndi gawo lawo. Pa zaka zonsezi esitetiyo yakhala ndi nyumba za antchito, makiliniki, madzi a m'mipope, misewu ndi alonda ake, ndipo tauni ya Nchalo idakula chifukwa cha malipiro a kumeneko. Wina angati umenewu ndi udindo wa kampani pa anthu. Wina angati ndi ndalama zoyendetsera bizinesi basi, popeza wodula nzimbe wodwala malungo sadula nzimbe. Zonse ndi zoona nthawi imodzi.

Vuto lake limaoneka pa mpanda. Mkati muli madzi oyera ndi magetsi, kunja kuli mudzi umene ukudikira khonsolo. Anthu a kunjawo, poona kuti kampani ndiyo ili ndi thirakitala ndi ambulansi, amatengera madandaulo awo ku geti m'malo mwa ku boma. Phungu ndi khansala nawo amapumako. Pang'ono ndi pang'ono kampani imasanduka boma laling'ono, koma boma limene simungalichotse ndi voti.

Mphatso

Pa mphatso palibe zambiri zovuta kumvetsa. Kampani imapatula ndalama, imasankha chochita, imapereka. Ikhoza kusiya chaka chamawa popanda woifunsa. Ufa umene umafika pa msasa sabata yoyamba ya madzi osefukira umapulumutsa anthu, ndipo amene adagonapo m'kalasi ndi ana anjala sangaunyoze.

Zofooka zake nzodziwikanso. Mphatso imakonda zinthu zojambulika: mdadada umaoneka pa chithunzi, malipiro a mphunzitsi saoneka. Imakonda kufupi ndi msewu wa tala, pamene kwa Nyachikadza kapena ku Makhanga, kofika ndi bwato, kumadikira. Ndipo kawirikawiri imasankhidwa ku ofesi, osadutsa m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'dera, VDC ndi ADC, amene ndiwo amatumiza zofuna za anthu ku pulani ya khonsolo. Mjigo woterowo ukathyoka, mudzi umati ndi wa kampani, kampani imati tidapereka kale.

Lamulo: pamene dziko lanena kuti si mphatsonso

Maiko ena ataona kuti kudikira mtima wabwino sikukwanira, adaika udindowu m'malamulo. Indonesia idatero mu 2007 kwa makampani ogwiritsa ntchito zachilengedwe. Mauritius idalamula mu 2009 kuti makampani opanga phindu azipatula 2 peresenti. Chitsanzo chotchuka ndi cha India: lamulo la makampani la 2013, lomwe lidayamba kugwira ntchito mu April 2014, limauza makampani akuluakulu kugwiritsa ntchito 2 peresenti ya phindu lawo, powerengera zaka zitatu zapitazo, pa zinthu monga maphunziro, umoyo ndi kuthetsa umphawi. Oyamikira amati ndalama zambiri zafika ku sukulu ndi zipatala. Odandaula amati uwu ndi msonkho wobisika umene kampani imasankha yokha kokaugwiritsa ntchito, ndipo ndalama zambiri zimathera m'zigawo zolemera kale komwe kuli malikulu a makampani.

South Africa idatenga njira ina. Lamulo la migodi la 2002 limafuna kuti wopempha chiphaso alembe pulani ya zimene adzachitire antchito ndi midzi, ndipo pulaniyo imakhala gawo la chiphasocho. Papepala ndi njira yolimba. Koma pa 16 August 2012 apolisi atawombera ndi kupha anthu 34 ogwira ntchito pa mgodi wa Marikana, kafukufuku adaonetsa kuti kampani ya Lonmin idalonjeza nyumba 5,500 za antchito koma idali itamanga zitatu zokha, ndipo boma silidachitepo kanthu. Tingotchula podutsa kuti Lonmin imeneyi ndi Lonrho yomwe ija idatsegula Nchalo, idangosintha dzina mu 1999 itagulitsa kale shuga. Phunziro la ku Marikana ndi lakuti lamulo lopanda wolilondola silisiyana kwenikweni ndi lonjezo.

Nanga kwathu kuno? Malawi alibe lamulo limodzi lokakamiza kampani iliyonse kupatula gawo la phindu. Pali zidutswa. Lamulo la migodi la 2019 lidabweretsa mgwirizano wa chitukuko pakati pa mgodi waukulu ndi midzi yozungulira, ndipo lidati kampani izigwiritsa ntchito ndalama zosachepera 0.45 peresenti ya zonse imene yagulitsa pa chaka, kutanthauza 45 tambala pa K100 iliyonse. Chiwerengerocho chikuoneka chaching'ono, koma chili ndi nzeru yake: chikuwerengedwa pa zogulitsa, osati pa phindu, ndipo phindu ndi limene akauntanti waluso angathe kulichepetsa papepala. Lamuloli lidabwera pambuyo pa mikangano ya ku Karonga pa mgodi wa Kayelekera, komwe anthu ndi kampani sankamvana pa zimene zidalonjezedwa. Koma mgwirizano woterewu ukukhudza migodi yokha. Nzimbe, thonje, ng'ombe ndi ethanol, zomwe ndizo chuma cha Chikwawa ndi Nsanje, sizili m'menemo.

Lamulo la zachilengedwe la 2017 limafuna kuti ntchito yaikulu isanayambe pachitike kauniuni wa mmene idzakhudzire chilengedwe ndi anthu, anthuwo afunsidwe, ndipo pakhale pulani yochepetsera zovuta. Zimene zalembedwa mu pulani imeneyo ndi ngongole. Ngati mwalembedwa kuti mudzi wakuti udzakumbiridwa mjigo chifukwa njira yake ya ku mtsinje yatsekedwa, tsiku lotsegulira mjigowo si tsiku lothokoza, ndi tsiku lolandira. Anthu ambiri sadziwa kuti zikalata zimenezi ali ndi ufulu wozifunsa ku khonsolo kapena ku bungwe loteteza zachilengedwe la MEPA.

Palinso msonkho, umene pa mikangano ya pa wailesi umaiwalika. Kampani yolembetsedwa m'Malawi kawirikawiri imayenera kupereka 30 peresenti ya phindu lake kapena kuposerapo, kuwonjezera pa misonkho ya antchito ndi ya malonda. Ndalama zimenezi zimaposa kutali mtengo wa mijigo yonse ya pa zithunzi. Nchifukwa chake mabungwe ena amati funso loyamba kwa kampani lisakhale lakuti mwapereka chiyani, koma mwakhoma zingati. Mu 2013 ActionAid idatulutsa lipoti lonena kuti Zambia Sugar, mbale wake wa Illovo ya kuno, inkapereka msonkho wochepa kwambiri potumiza ndalama ku nthambi za kunja. Eni kampaniyo adakana, nkunena kuti msonkho udachepa chifukwa cha mwayi umene boma la Zambia lomwelo lidapereka pamene ankakulitsa fakitale. Koma ngakhale msonkho ukhomedwe wonse, umapita ku thumba la boma ku Lilongwe. Wa kwa Maseya amene amaona malole a shuga akukwera Thabwa tsiku ndi tsiku saona njira imene ndalamayo imabwererera kwa iye. Apa kampani ikhoza kunena moona kuti ife tidapereka, mudzi nkunenanso moona kuti ife sitidalandire.

Kugula kwa alimi: udindo wolowa m'malonda enieni

Pali ganizo lina limene lafala kuyambira cha m'ma 2010, lakuti kampani imathandiza kwambiri kudzera m'malonda ake a tsiku ndi tsiku kusiyana ndi m'mphatso: imagula kwa yani, pa mtengo wanji, imalemba ntchito yani. M'chigwa muno ganizoli lili ndi nkhope ziwiri zodziwika, Kasinthula ndi Phata.

Ku Kasinthula, sikimu imene kale idali ya mpunga, alimi adayamba kulima nzimbe zothirira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, nkumagulitsa ku fakitale ya Nchalo. Mu 2002 adalandira chiphaso cha Fairtrade. Kayendedwe kake nkotere: wogula shuga ku Ulaya amavomera kulipira kowonjezera, ndipo pa tani iliyonse yogulitsidwa mwa njira imeneyi alimi amalandira madola 60 pamwamba pa mtengo. Ndalamayi siyisankhiridwa ntchito ndi kampani. Alimi eni ake amakhala pansi nkugwirizana, ndipo ku Kasinthula idakumba mijigo ndi kukokera magetsi m'midzi. Mjigo woterewu ndi wa mtundu winanso, si mphatso, si chipukuta misozi, ndi thukuta la mlimi limene ladutsira ku sitolo ya ku Ulaya.

Koma Kasinthula yemweyo adaphunzitsanso za ngongole. Sikimuyo idamangidwa ndi ndalama zobwereka zowerengedwa m'ndalama zakunja, ndipo kwacha itagwa ngongoleyo idafufuma, kwa zaka zambiri nkumadya gawo lalikulu la zimene alimi akadalandira. Koparetivu ya Phata, imene idayamba mu 2011, idayenda mwina: mabanja mazana angapo adaphatikiza minda yawo kukhala munda umodzi waukulu, adalandira thandizo la European Union, adalemba kampani ya akatswiri kuti iziyendetsa ulimiwo, ndipo eni minda amagawana phindu molingana ndi malo amene aliyense adaperekapo. Adasiyanso malo ena olimapo chakudya.

Oyamikira njira imeneyi amati mlimi sataya nthaka yake, amapeza msika wotsimikizika ndi madzi chaka chonse m'dera limene mvula imavuta. Okayikira amafunsa za mphamvu. Nzimbe ikadulidwa iyenera kufika ku fakitale msanga isanayambe kutaya shuga, ndipo nzolemera, simungazitengere kutali. Wogula wamkulu ndi mmodzi, ndipo ndi yemweyo amene amayeza kuchuluka kwa shuga m'nzimbe, komwe mtengo umachokera. PressCane ya ku Dyeratu, imene imapanga ethanol kuyambira 2004, yalowanso m'nkhani za alimi a nzimbe, koma msika ukadali wopapatiza. Komanso mtengo umagwedezeka ndi zochitika kutali: European Union itachotsa malire a shuga wolimidwa kwawo mu 2017, msika umene shuga wathu ankadalira udafooka. Alimi a thonje a kwa Ngabu ndi ku Bangula akuidziwa bwino nyimbo imeneyi, ya mbewu ndi mankhwala a ngongole, kenako mtengo wolengezedwa thonje lili kale m'matumba.

Malo, madzi ndi chipukuta misozi

Apa ndi pamene nkhani imawawa. Chigwa chino nthaka yake yabwino ili m'mbali mwa Shire ndi mitsinje yothiramo, monga Mwanza ndi Mkombedzi. Ndi komweko kuli madimba, kodyetsera ng'ombe, ndi minda ya makampani. Malo ambiri a esiteti adaperekedwa pa lizi nthawi ya chipani chimodzi, pamene kufunsa mafunso kudali kudziputira. Papepala lizi ndi yovomerezeka. M'mitima ya zidzukulu za amene adasamutsidwa, nkhaniyo sidathe. Anthu achulukanso kwambiri kuyerekeza ndi zaka za m'ma 1960, choncho malo amene kale ankaoneka ngati tchire lero ali ndi eni.

Mu 2013 Oxfam idachita kampeni yokakamiza makampani ogula shuga wambiri kuti aonetsetse kuti shuga wawo sakuchokera pa malo olandidwa. Coca-Cola idavomera mu November chaka chomwecho, PepsiCo idatsatira mu 2014, ndipo Illovo idatulutsa mfundo zake za malo mu 2015. Apa mukuona mmene udindowu umayendera nthawi zambiri m'maiko onga athu: kukakamiza sikuchokera ku Capital Hill kokha, kumachokera kwa wogula wa kunja amene akuopa kuipitsa dzina lake. Malamulo a malo a 2016 adatsegulanso njira yoti banja lilembetse malo ake a makolo, ndi makomiti a malo m'midzi, n'cholinga choti mfumu isamagawe yokha malo a anthu.

Madzi nawo ali ndi mbali ziwiri. M'chilimwe funso ndi lakuti akupopa ochuluka bwanji, ndipo zotayidwa za fakitale zikuthera kuti. M'dzinja funso limatembenuka. Esiteti imamanga makoma a dothi oteteza minda yake ku madzi osefukira, koma madzi otsekeredwa uku amafuna kolowera. Pambuyo pa namondwe Ana mu January 2022, yemweyo adagumula damu la Kapichira nkuzimitsa magetsi dziko lonse, anthu oposa 1,700 a mudzi wa Kanseche adasumira Associated British Foods ku khoti la ku London, ponena kuti makoma a esiteti ya Nchalo adakankhira madzi kumudzi kwawo. Kampaniyo idakana mlanduwo, ponena kuti chidawononga ndi namondwe woopsa amene adasakaza chigwa chonse. Kusiyanitsa gawo la mvula ndi gawo la khoma ndi ntchito ya akatswiri a madzi ndi oweruza, osati ya nkhani ino.

Wina angadabwe kuti mlandu wa ku Chikwawa ukutani ku London. Njira idatseguka mu April 2019, pamene khoti lalikulu kwambiri la ku Britain lidagamula kuti anthu a m'midzi ya kufupi ndi Chingola ku Zambia akhoza kusumira Vedanta ku England pa nkhani ya kuipitsidwa kwa madzi ndi mgodi wa nthambi yake. Chochititsa chidwi ndi chakuti oweruza adayang'ana zimene kampani yaikuluyo idalemba yokha m'malipoti ake, zodzitama kuti imayang'anira nkhani za chilengedwe m'nthambi zake zonse. Mawu amene adalembedwa kuti akometse dzina adasanduka umboni woti kampaniyo ikhoza kukhala ndi udindo. Mu 2021 kampani ya Camellia idalipira amayi ena ogwira ntchito m'minda ya tiyi ya nthambi yake ku Malawi amene adaisumira ku London pa nkhani za nkhanza, ngakhale sidavomere kulakwa. Kuyambira pamenepo maloya a makampani amawerenga kawiri chiganizo chilichonse cha m'malipoti okongola aja. Ena akuopa kuti zotsatira zake zidzakhala makampani olonjeza zochepa.

Mafunso amene akadali poyera

Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yochokera ku Kapichira kulowera ku Bangula ndi ndalama za World Bank ndi African Development Bank, ikuyembekezeka kuthirira mahekitala oposa 40,000. Pulani yake ndi yofanana ndi ya Phata: mabanja aphatikize minda, alembetse, alime mbewu za malonda mogwirizana ndi makampani. Ndiye kuti mafunso onsewa abwera kwa anthu ambiri kuposa kale. Madzi akadzachepa chaka cha chilala, adzayamba kulandira ndani, esiteti imene ikulipira ndalama zambiri zosamalira ngalandeyo, kapena koparetivu ya alimi? Nanga wa ng'ombe amene ankadutsa pamenepo popita kukamwetsa, amene alibe munda wolembetsa, adzawerengedwa m'gulu liti?

Funso la lamulo silidayankhidwenso. Ngati mgodi ukukakamizidwa kupangana ndi midzi, ulimi waukulu usiyidwirenji? Ofuna lamulo amati nthaka ndi madzi ndi chuma cha dziko monganso miyala. Otsutsa amati makampani akulira kale ndi misonkho, kusowa kwa ndalama zakunja ndi kuzimazima kwa magetsi, ndipo mtolo wina udzathamangitsira oika ndalama ku Mozambique kapena ku Zambia. Ngakhale lamulolo litabwera, ndalamazo asunge ndani? Khonsolo, mfumu, komiti yosankhidwa, kapena kampani yomwe? Aliyense mwa amenewa ali ndi anthu amene samukhulupirira.

Pali funso la amene amayankhulira mudzi. Kampani imakonda kukambirana ndi mfumu chifukwa nkofulumira ndipo mwambo umatero. Koma gogo chalo amene akulandira ulemu ku kampani angathe bwanji kuidzudzula mawa? Amayi, amene kwa Amang'anja ndiwo eni nthaka koma kwa Asena amakhala pa malo a kuchimuna, mawu awo amalowera pati? Nanga odula nzimbe a nyengo, ochokera ku Thyolo, Mulanje ndi kwina, amene si a mudzi uliwonse wa pafupi?

Palinso kokadandaula. Si mudzi uliwonse ungapeze maloya a ku London, ndipo kampani ya eni ake a ku Blantyre, ku Mumbai kapena ku Beijing simungaitengere kumeneko. Kodi makhoti athu, MEPA ndi bungwe loona za ufulu wa anthu angapatsidwe mphamvu ndi ndalama zoti mlandu wa ku Nsanje uzithera ku Nsanje kapena ku Blantyre, pa nthawi yake? Ndipo namondwe akamabwera pafupipafupi chonchi, makoma oteteza madzi azimangidwa ndi aliyense payekha poteteza chake, kapena pakhale pulani imodzi ya chigwa chonse, yoti esiteti, boma ndi midzi agwirizane kumene madziwo aziloledwa kupita, ndi amene azilipira eni malo amenewo?